Maso a Nkhono ndi Chithunzi cha ku Halale

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi uwu aliyense adaumvapo, kaya pabwalo la milandu, kaya m'kalasi, kaya kwa mayi ake pamene ankafuna kufukula mbatata pamoto isanapse. Ndipo amene adaupeka adaiona nkhonoyo ndithu. Nyengo ya dzinja, mvula ikangokata, mumaipeza ikukwawa pa khoma la mpanda kapena pansi pa masamba a nthochi. Mukaikhudza imabweza mutu wonse m'chigoba n'kungoti zii. Mukaigogoda ndiye mwaonjeza. Koma mukakhala pansi n'kupinda manja, pakapita kanthawi imatulutsa tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi, tiwiri titalitali, ndipo kunsonga kwa titalitalito kuli timadontho takuda. Maso ake ndi amenewo. Palibe chimene mwachita kuti atuluke. Mwangoleka kusokoneza.

Mwambiwu ndimaukhulupirira, koma mwambi wabwino suopa kufunsidwa. Chimene chandichititsa kuufunsa ndi kapepala kosakwana chikhatho, kamene kali m'nyumba ina kuno ku Area 18.

Dera lathuli ndi la anthu obwera. Nyumba zake zambiri zidamangidwa m'zaka za m'ma 1970, boma likusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo ogwira ntchito m'boma amene adalowamo adafika ndi mathiranki a kwawo: wina wa ku Nkhata Bay, wina wa ku Ntcheu, wina wa ku Mulanje. Pansi pa zovala mudali masatifiketi, makalata, mabuku a nyimbo za kutchalitchi, ndi zithunzi za makolo amene adapita ku Halale kapena ku Joni. Mayi wina woyandikana nane, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amasunga chimodzi mwa zithunzi zoterozo pakati pa masamba a Baibulo. Chidachita chikasu, ngodya imodzi idadyedwa ndi mphemvu, pakati pali mzere pamene chidapindidwa. Pali amuna atatu akuda, avala makabudula ndi malaya a khaki, awiri alibe nsapato. Aima pafupi ndi thupi la ndege, kumbuyo kwa phiko. Wapakatiyo ndi bambo awo a mayiwa. Kuseri kwa chithunzi sikudalembedwe kanthu.

Chimene banja lonse limadziwa n'chimodzi: ababa ankagwira ntchito ku ndege za mabomba ku Halale, nthawi ya nkhondo ya Hitler. Mdzukulu wa mayiwa, mnyamata wa Fomu 4, anajambula chithunzicho ndi foni, ndipo foniyo sinachedwe kumuyankha. Anabwera akuthamanga: "Agogo, ndi Lancaster! Ndege yoopsa zedi ya Angerezi!" Mayiwo sanatsutse, komanso sanavomere. Anandiitana pampanda nati, "Achimwene, inu mumakonda zakale. Tandionerani bwino, mwanayu wafulumira."

Choyamba n'kuwerenga ma injini. Lancaster idali ndi ma injini anayi, awiri phiko lililonse, ndipo kumchira idali ndi zipsepse ziwiri, china uku china uku. Pa chithunzi cha mayiwa phiko likuoneka lonse mpaka kunsonga, ndipo lanyamula injini imodzi yokha. Kumchira kwaima chipsepse chimodzi. Nkhani ya Lancaster yathera pomwepo, osatsegula buku lililonse. Mnyamatayo sadalote dzinalo: gulu la ndege la nambala 44, limene linkatchedwa ndi dzina la Rhodesia, ndilo lidayamba kupita ndi Lancaster kunkhondo mu 1942. Koma linkanyamukira ku England, osati ku Gwelo kapena ku Bulawayo.

Nanga ku Halale kunkauluka chiyani? Nkhondo itabuka mu 1939, dziko la Britain lidafuna malo ophunzitsira anyamata kuyendetsa ndege kutali ndi adani, kumene thambo limayera miyezi yambiri pa chaka. Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, idali m'gulu la maiko otere, pamodzi ndi Canada, Australia ndi South Africa. Sukulu yoyamba idatsegulidwa ku Belvedere, mu Salisbury, kumene lero timati Harare, mu Meyi 1940. Zina zidatsatira msanga: Cranborne, Mount Hampden ndi Norton cha ku Salisbury komweko, Kumalo, Induna ndi Heany ku Bulawayo, Guinea Fowl, Thornhill ndi Moffat ku Gwelo, kumene lero timati Gweru. Zonsezi zidali pansi pa Rhodesian Air Training Group, ndipo pomwe nkhondo inkatha mu 1945 zidali zitaphunzitsa oyendetsa ndege oposa 7,000, ochokera ku Britain, Australia, Greece ndi maiko ena. Wophunzira ankayamba ndi Tiger Moth, kandege ka mapiko osanjikizana. Akakhoza ankapita ku Harvard ya injini imodzi ngati adzakhale wa ndege zomenyana m'mwamba, kapena ku Oxford ya ma injini awiri ngati adzakhale wa ndege za mabomba. Ku Moffat n'kumene ankaphunzira kulondola njira, kuombera mfuti ali m'mwamba, ndi kuponya mabomba.

Ndatchula zonsezi chifukwa malire oyamba a mwambi wathu ali pamenepa. Kudekha pakokha sikuonetsa kanthu ngati sudziwa poyang'ana. Mwana amene sadauzidwe kuti maso a nkhono ali kunsonga kwa nyanga angathe kukhala tsiku lonse akuyang'ana pakamwa pake, n'kunyamuka madzulo akulumbira kuti nkhono ilibe maso. Mayi aja asunga chithunzichi moyo wawo wonse, achiyang'ana kosawerengeka, ndipo palibe amene angawapose kudekha. Komabe ndegeyo sidawauze dzina. Kudekha kumene mwambi ukunena n'kwa munthu amene wakhala pansi ali kale ndi funso lolondola m'mutu.

Funso lolondola pano ndi ili: pa ndege za ma injini awiri zimene zinkaphunzitsa anthu kumeneko, Oxford ndi Anson, iyi ndi iti? Zimasokoneza ngakhale ozidziwa, pakuti zonse zidali ndi phiko lam'munsi, chipsepse chimodzi, ndi injini za mtundu umodzi wotchedwa Cheetah. Kusiyana kuli pa mazenera. Oxford ili ndi timazenera tochepa, totalikirana. Anson yoyambirira ili ndi galasi lalitali lolumikizana, kuyambira pamene pakhala woyendetsa mpaka kupitirira phiko, kotero kuti umaona nthiti zachitsulo za m'kati mwake. Kusiyana kwina kuli pa chivindikiro cha injini. Cha Oxford n'chosalala. Cha Anson yoyambirira chili ndi timatuza tozungulira mkombero wonse, kalikonse kaphimba mutu wa silinda. Tinaika chithunzicho pa tebulo la pakhonde, dzuwa la m'mawa likuchokera cham'mbali, n'kuyendetsa galasi lokulitsa zinthu pang'onopang'ono kuchokera kumphuno kupita kumchira. Mazenera anaoneka, ataliatali, pamwamba pa mitu ya amuna atatuwo. Timatuza tinaonekanso. Pamsana pa ndege panali kachipinda kagalasi kozungulira, ka woombera mfuti. Mayiwo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati, "Zaka zonsezi ndimangoona ababa. Sindinkadziwa kuti ndegeyi ili ndi mazenera."

Ndi Avro Anson. Banja silidaname poitcha ndege ya mabomba, ngakhale sidali yoopsa monga mdzukulu ankafunira. Idayamba ntchito ya usilikali mu 1936, kulondera nyanja itanyamula mabomba ochepa ndi mfuti ziwiri. Nkhondo itafika idapezeka kuti yakalamba kale: yochedwa, thupi la mapaipi achitsulo okutidwa ndi nsalu, mapiko amatabwa. Kuti matayala apindikire m'kati ikanyamuka, munthu ankapukusa chogwirira ndi dzanja maulendo pafupifupi 140. Choncho adaichotsa kutsogolo kwa nkhondo n'kuipatsa uphunzitsi, ndipo kumeneko idachita bwino kwambiri, mpaka zidapangidwa zoposa 11,000. Mazenera aja amanenanso za nthawi. Nkhondo itatha ku Rhodesia kudafika ma Anson a mtundu watsopano, a timazenera tating'ono ndi zivindikiro zosalala. Ya pa chithunzi chathu ndi yakale ija, ndipo izi zikugwirizana ndi mawu a banja.

Anson ili ndi inzake imene mbiri yake ndi yowawa kuposa. Mukapeza m'thiranki mwanu chithunzi cha ndege ya injini imodzi, mphuno yaitali yosongoka, ndi denga lagalasi lalitali kwambiri pamsana, mwina mwagwira Fairey Battle. Iyi idali ndege ya mabomba yeniyeni, ya anthu atatu, ya injini ya Merlin. Mu Meyi 1940, Ajeremani atalowa mu Belgium ndi France, ma Battle adatumizidwa dzuwa likuswa mtengo kukaphwanya milatho, ndipo adagwetsedwa mochititsa mantha. Pa 14 Meyi ku Sedan, oposa theka la amene adanyamuka sadabwerere. Ambiri mwa otsala adatumizidwa ku masukulu a ku Canada, Australia ndi South Africa, ena n'kufika ku Moffat. Ena mwa iwo ntchito yawo idali kukoka chandamale chansalu pa chingwe kuti ophunzira aziombera, ndipo oterowo ankapakidwa mizere yopingasa yachikasu ndi yakuda, kuti mnyamata wa mfuti asasokoneze chandamale ndi ndege yochikoka.

Pa mitundu pamafunika kudekha kwa mtundu wina, kokayikira maso ako omwe. Filimu ina ya nthawi imeneyo sinkaona chikasu ndi chofiira monga diso la munthu: inkazidetsa, pamene buluu inkamuyeretsa. Ndege zambiri zophunzitsira zinkapakidwa chikasu kumimba kuti zizioneka patali. Pa filimu yotere mimba yachikasu imatuluka yakuda, ndipo waphuma anganene kuti iyi ndi ndege ya usiku, pakuti ndege za mabomba zouluka usiku ndizo zinkapakidwa zakuda kumimba. Masiku ano kuli mapulogalamu a pa foni amene amathira mitundu pa zithunzi zakale m'kuphethira kwa diso. Zimakongola, ndipo ndikumvetsa chimwemwe cha munthu amene waona agogo ake ali ndi khungu la munthu wamoyo. Koma pulogalamuyo siidaliko ku Gwelo. Imangoganizira, ndipo zongoganizirazo zikayenda m'mafoni a abale zimasanduka mbiri ya banja.

Chomaliza ndi nambala. Ndege iliyonse ya nkhondo ya Britain idali ndi nambala yakeyake, yolembedwa pathupi kufupi ndi mchira: chilembo chimodzi ndi manambala anayi, kapena zilembo ziwiri ndi manambala atatu. Iliyonse idalinso ndi khadi lake, lotchedwa Form 78, pamene ankalemba za kuchoka kwake kufakitale, kumene idatumizidwa, ndi mathero ake. Makhadiwo alipo mpaka lero ku RAF Museum, ku Hendon mu London. Ngozi nazo zidali ndi makhadi akeake. Ukakhala ndi nambala yonse, ndege imene idaphwasulidwa kalekale ikhoza kukuuzabe kumene idayenda. Pa chithunzi chathu chilembo chikuoneka, ndi manambala awiri. Otsalawo atchingidwa ndi phewa la munthu wa kumanja. Choncho sitinganene motsimikiza kuti ndi ku Moffat, ngakhale n'kumene mtima ukulozera, pakuti ku South Africa nako ma Anson adaliko ochuluka. Wodekha weniweni amadziwanso polekezera.

Wokonda ndege angadandaule kuti munthu wa kumanjayo adaima poipa. Ine ndikuti adaima pabwino, chifukwa watisinthira funso. Watchinga nambalayo ndani?

Mayiwo akudziwa dzina la bambo awo. Awiri enawo sakuwadziwa. Tingaike galasi pa nkhope zawo mpaka dzuwa kulowa. Tiona chipsera pachipumi pa wa kumanzere, batani losoweka pa malaya a wa kumanja, zala za kumapazi zotambasuka za anthu amene adakula osavala nsapato. Koma dzina silituluka. Nkhono imatulutsa maso chifukwa ili nawo, ndipo ili moyo. Ndege yatiuza dzina lake chifukwa eni ake adaiwerengera kuti ndi chuma, adailembera khadi, khadilo n'kulisunga m'nyumba yosalowa chiswe. Kudekha kwathu kwangokolola pamene ena adalima. Amuna awanso adali ndi manambala, a pa chitupa, koma chitupa chidali cha wapolisi, chofunsira kuti uli m'tauni ndi chilolezo cha yani. Sichidali chosungira mbiri ya munthu. Kumene sikudalembedwe kanthu ungadekhe mpaka imvi.

Anthu onga iwo tikuwadziwa ndithu. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland idayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko kukagwira ntchito, ambiri a iwo ku Southern Rhodesia. Msonkho wa nyumba unkawathamangitsa, ena thangata; ankafuna njinga, bulangete, ndalama zokwatirira. Ena ankayenda pansi masabata, kudzera ku Tete n'kuoloka Zambezi. Ena ankakwera magalimoto a Ulere, amene boma la Rhodesia lidaika kuti azilitengera antchito. Ena sadabwerenso, ndiwo matchona. Pamene mabwalo a ndege khumi aja ankamangidwa mothamanga, padafunika manja: ozula zitsa, osalaza nthaka, oumba njerwa, ophika, ochapa, okankha ndege kuzilowetsa m'mashedi, otsuka mafuta. Ambiri mwa amene adasalaza mabwalowo adali eni nthaka a komweko, otengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu awo, ndipo mu 1942 boma lidakhazikitsa lamulo la chibalo, lokakamiza amuna kukalima m'mafamu a azungu, mwa zina kuti chakudya chikwanire khamu la alendowo. Padalinso gulu la asilikali akuda, Rhodesian Air Askari Corps, lolondera mabwalowo. Palibe Anson imene ikadanyamuka popanda anthu amenewa. Koma mpando wa woyendetsa sudali wawo.

Cholembera cha akuluakulu chinkalumphanso azungu a maudindo otsika. Pa 12 Meyi 1940 ma Battle asanu adapita kukaphwanya milatho ya pa Albert Canal ku Belgium. Mu imodzi mudafa anthu atatu. Woyendetsa, Donald Garland, ndi wolondola njira, Thomas Gray, adapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba koposa. Wachitatu, Lawrence Reynolds, wa mfuti kumbuyo, sadapatsidwe kanthu, chonsecho adafera m'ndege imodzi, nthawi imodzi. N'zowawa, komabe dzina lake tikulidziwa, ndipo lidazokotedwa pa mwala. Anyamata amene adagwa ndi ndege akuphunzira ku Rhodesia nawonso ali ndi miyala ya maina awo kumanda a ku Harare, Bulawayo ndi Gweru, ndipo n'koyenera kutero. Funso langa ndi la amene adakumba mandawo.

Pali chinanso chimene galasi lokulitsa limabisa. Ukakhala maola ukuwerenga mazenera ndi timatuza umayamba kuikonda ndegeyo, n'kuiwala chimene inkaphunzitsa. Ena mwa anyamata amene adakhoza ku Heany, ku Kumalo ndi ku Moffat adapita kukakwera ma Lancaster enieni aja. Mu Julayi 1943 mabomba adapha anthu pafupifupi 40,000 mu mzinda wa Hamburg m'masiku ochepa, ambiri a iwo anthu wamba. Mwa anyamata pafupifupi 125,000 amene adauluka m'gulu la ndege za mabomba la Britain, oposa 55,000 adafa. Hitler adayenera kugonjetsedwa, pamenepo sindikayika. Koma ndikayang'ana amuna atatuwo ndimaona kuti thukuta la munthu wa ku Ntcheu lidafika mpaka ku Germany, mwini wake osafunsidwa, kapenanso osauzidwa n'komwe.

Mtunda wochepa kuchokera pakhonde lija pali chipilala cha chikumbutso cha nkhondo, chimene aliyense woyenda pakati pa Area 18 ndi Capital Hill amachiona. Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamasonkhana asilikali, atsogoleri ndi akazembe. Lipenga limalira, nkhata za maluwa zimaikidwa, ndipo 11 koloko ikakwana onse amakhala chete mphindi ziwiri. Kumeneko n'kudekha kwa dziko lonse, ndipo ndimakulemekeza. Timakumbukira asilikali athu a Keyala amene adamenya nkhondo ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Koma m'mphindi ziwirizo ndani amaganiza za wotsuka ndege wa ku Gwelo? Sadali msilikali, ndiye alibe mendulo. Ku Rhodesia adali mlendo, ndiye mbiri ya Zimbabwe sim'werengera. Kwawo adalibeko, ndiye mbiri ya Malawi idam'phonya.

Tisaiwalenso kuti mawu akuti dekhani amakoma m'kamwa mwa munthu amene ali ndi ngongole. Ambiri mwa a Keyala adakalamba akudikira zimene ankayembekezera. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani adazibweretsa poyera mu 2019 zidaonetsa kuti pa ndalama yothokoza ya kutha kwa nkhondo, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankalandira atatu ndi theka. Mu 2021 bungwe la Commonwealth losamalira manda a nkhondo lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri a iwo a mu Africa, sadakumbukiridwe ndi maina, mwinanso sadakumbukiridwe mwa njira iliyonse. Tikamva zimenezi tiganize za atengatenga athu, amene ankanyamula katundu wa asilikali pa nkhondoyo. Chivomerezocho chidafika patatha zaka zoposa 100. Amene adadekha adafa akudekha. Choonadi chidatuluka chifukwa ena adakana kukhala chete, adafukula mafayilo, nafunsa mokweza.

Makolo omwewo amene adatiphunzitsa za nkhono adatisiyiranso mawu akuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Sadadzitsutse. Ankadziwa kuti zina zimafuna kudikira, zina kuthamangira. Khadi la ku Hendon lidzakhalapo chaka chamawa, ndipo Anson sidzasintha mazenera. Koma munthu amene adali ndi zaka 20 mu 1943 lero akadapitirira zaka 100. Ana awo, amene adamva nkhanizi akuotha moto, ndiwo akalambawa, ndipo timawaperekeza kumanda a ku Area 18 mwezi ndi mwezi. Pa maliro timatchula madigiri awo ndi maudindo amene adagwira ku Capital Hill. Palibe amene amafunsa ngati thiranki lija lidatsegulidwa mwini wake ali moyo.

Mayi aja sanadikire. Anakumbukira kuti kumudzi ku Ntcheu kuli azakhali awo, mlongo wamng'ono wa bambo awo, amene maso adachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Anatuma mdzukulu yemwe uja, ndi foni yake yomwe ija. Gogoyo chithunzi sakanachiona. Mnyamatayo anamufotokozera ndi pakamwa: atatu, wapakati ndi achimwene anu, wa kumanzere ndi wamtali, ali ndi chipsera pachipumi. Akuti gogoyo anaseka, nati, "Ameneyo ndam'dziwa. Idam'gunda ng'ombe ali kubusa. Adanyamuka limodzi ndi achimwene chaka cha dzombe chitapita, koma iye sadabwereko." Anatchula dzina, mfunda, ndi mudzi, ndipo mnyamatayo anajambula mawu onse. Chipseracho chidaoneka chifukwa cha galasi ndi kudekha; dzinalo lidapezeka chifukwa wina anakwera minibasi gogoyo akadali moyo. Adzukulu a munthu wa chipserayo alipo m'mudzi woyandikana, ndipo anali asanaonepo nkhope ya agogo awo. Wachitatu uja, wotchinga nambala, gogoyo sanam'dziwe. Mwina adali wa ku Fort Jameson, mwina wa ku Tete, mwina mwana wa ku Gwelo komweko. Anthu amene akanam'tchula adapita kale.

Inu amene muli ndi zithunzi zotere, ku Area 18, ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Area 25, zitulutseni m'mathiranki. Lembani kuseri ndi pensulo, osati bolopeni, chifukwa inki imadutsa pepala. Lembani dzina la aliyense, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, chaka ngati chikudziwika, ndi dzina la amene wakuuzani. Chimene simukudziwa musalembe. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni, mutumize kwa abale, koma chithunzi chenichenicho musachimate pulasitiki wa moto ndipo musachipachike padzuwa. Ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusunga zinthu ngati zimenezi, afunseni. Ndipo ngati kumudzi kuli wamkulu amene angawadziwe anthu a pa chithunzicho, pitani mukam'one mwezi uno.